Oyilo Wofiira M'chitsime

"Beseni langa lochapilamo matebela a mwana, ndiye lamene mwaika pansi pa motoka? Batate ba Tiwo, nikamba na imwe!"

Sydney sanatuluke. Anali chagada pakatoni pansi pa galimoto yake ya takisi, mapazi okha ali panja. Galimotoyo anali ataikweza ndi jeke n'kuikhazika pazidina za simenti, pakati pa bwalo la nyumba za lendi za ba Kabaso, m'komboni ya Kanyama ku Lusaka. M'beseni la mkazi wake Mainess munkatsikira oyilo wa giyabokosi, wofiira modera, wonunkha ngati shuga wopserera.

"Nizasuka na sopo, bamake Tiwo," anayankha ali pansi pomwepo. "Mwamva mwamene ichitila motoka masiku ano. Giya ichedwa kungena, ikangena igunda monga munthu wakumenya kumsana. Mapasenja bayamba kudandaula. Giyabokosi ikafa, tizadya beseni?"

"Pelekani ku galaji monga banzanu."

"Ku galaji bazachita chani chamene ine sininaone pa foni? Kumasula mabawuti, kuchotsa sampu, kuchinja sefa, kubweza. Basi."

"Nanga ba landilodi? Sibanakambe kuti pano si pa galaji?"

"Bali ku malilo ku Matero. Pobwela bazapeza motoka ili pa matayala yake."

Mainess anakunganso chitenje chimene anaberekera Tiwo. Anali ndi mawu ena pakamwa, koma mkulu amene anakhala pakreti pambali pa galimotoyo anamudula.

"Mayi a Tiwo, mlekeni. Mwamuna akagona pansi pa chitsulo samukalipira, angadzigwetsere."

Awa anali ba Chabwera, nkhalamba ya m'chipinda chakumapeto, imene ana a pabwalopo ankaitchula ba shikulu, kutanthauza agogo. Ankakhala okha chimwalirire akazi awo. Maso awo anali ofiira ndi utsi wa mbaula, ndipo Chinyanja chawo chinali chakuya, cha bambo awo amene anachokera ku Dedza kudzafuna ntchito. Tsiku limenelo Sydney anawapatsa chivindikiro cha poto kuti azisungiramo mabawuti.

Sampu itatsika, Sydney anakwawa nayo n'kutuluka. Inali ngati mbale yachitsulo yathyathyathya, mkati mwake muli timaginito tokutidwa ndi matope otuwa a zitsulo zoperepeseka. Anaipukuta ndi sikipa yakale, napala m'mphepete mwake ndi mpeni mpaka zotsalira za gasiketi yakale zinatha. Kenako anatulutsa m'pepala gasiketi yatsopano, kachinthu kopyapyala koyala m'mphepete mwa sampu kuti oyilo asadonthe.

"Ku town ananilangiza vitatu," anauza mkuluyo. "Ya labala, iyi ya koko monga chotsekela botolo ya vinyo, na silikoni ya mu chubu. Silikoni ati ukapaka maningi ingena mukati, ivala tunjila twa oyilo. Ya labala yadula. Ndiye natenga iyi."

Ba Chabwera anaitembenuza m'manja mosamala. "Ine za galimoto sindizidziwa, mwana wanga. Ndingoona kuti ikufanana ndi bisiketi."

Sydney anaseka, nabwerera pansi. Anaika sefa yatsopano, nayala gasiketi, namanga mabawuti ndi mphamvu zake zonse, poganiza kuti chomangitsa sichidontha. Atathira oyilo watsopano, wofiira ngati manyuchi a m'botolo, analiza injini, nasinthasintha magiya galimoto ili chiimire. Nkhope yake inawala.

"Beseni langa!" anakuwa Mainess ali pakhomo. "Madzi yazizila pano."

Manja a Sydney anali oyilo yekhayekha ndipo foni yake inkalira, pasenja akumudikira ku Chibolya.

"Ba shikulu, nithandizeniko. Kataileni mu mugodi wa vinyalala uja."

Ba Chabwera ananyamula beseni ndi manja awiri, nayenda pang'onopang'ono kuti asatayire pansi. Dzenje la zinyalala linali kumunsi kwa bwalo, mapazi owerengeka kuchokera pachitsime chimene anthu onse a pamenepo ankatungapo madzi ochapira, ndi akumwa omwe mpopi wa pamsewu ukauma. Edna, amake Miracle a m'chipinda chapakati, ankayanika zovala chapomwepo. Anaona mkulu wa maso ofiira atawerama, akukhuthula zinthu zofiira pafupi ndi chitsime. Sanafunse.

Mvula inayamba sabata yotsatira, ndipo ku Kanyama mvula ilibe kolowera. Pansi ndi pamwala, madzi amangoima m'mabwalo, zimbudzi n'kudzadza. Mmawa wina Edna anaponya chidebe m'chitsime, pochikoka n'kukuwa. Pamwamba pa madzi pankayandama timadontho tofiira ndi chinthu chonyezimira ngati phiko la ntchentche.

"Mulopa! Bwelani muone, mu chitsime muli magazi!"

Anthu anatuluka ndi misuwachi m'kamwa. Wina ananunkhiza, nati ndi dzimbiri. Wina anati mwina mwafera khoswe. Koma patangopita masiku ochepa Miracle, mwana wa Edna, anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza mpaka maso kulowa. Kukiliniki anamuika diripi, namwino nauza Edna kuti ana ambiri a m'komboni akubwera ndi vuto lomwelo chifukwa madzi a m'zimbudzi asakanikirana ndi a m'zitsime. Edna anamva, koma mtima wake unagwira china. Anakumbukira beseni lija.

Nkhani inayenda khomo ndi khomo. Amayi amene kale ankatumizira ba Chabwera ndiwo anayamba kubwezera ana awo m'nyumba mkuluyo akamadutsa. Bwalya, mwamuna wa Edna, anakaitana ba profeti Silas a tchalitchi cha m'tenti kuseri kwa msika. Iwo anazungulira chitsime akupemphera mokweza, kenako anati aona mzimu wa munthu wachikulire amene amagona yekha koma sagona. Dzina sanatchule. Panalibe chifukwa chotchulira.

Mainess anazindikira zoona zake mmawa wina Sydney atangotulutsa galimoto. Pamene inagona panatsala thamanda la madzi a mvula, ndipo pamwamba pake pankasambira madontho ofiira omwe aja. Anatsatira ndi maso kangalande kamene mvula inakumba pabwalo. Kankadutsa padzenje la zinyalala, kamene tsopano linali litasefukira, n'kukathera pamilomo ya chitsime. Anaima pamenepo nthawi yaitali, chidebe chili m'manja.

Sydney atabwera kudzadya masana, mkazi wake anatseka chitseko.

"Motoka yanu idontha."

"Niziba. Gasiketi ija yang'ambika, ninamangisa maningi. Nagula kale ya labala."

"Ngati muziba ivo, muziba na vamene vili mu chitsime."

Sydney anasamba m'manja.

"Batate ba Tiwo, banthu bakamba kuti ba shikulu ni mfwiti. Bana babatema myala mailo pamene benze kuyenda ku msika. Beseni lija munabapasa ndimwe."

"Ine sininakambepo kuti ni mfwiti."

"Kukhala chete nakonso ni kukamba."

"Manje mufuna nichite bwanji? Niyende kwa ba Kabaso nikabauze kuti nenze kukonza motoka pa plot yabo? Bazatipitikisa lelo lomwe. Mu mainza muno, na mvula iyi, nyumba tizaipeza kuti, na mwana ku msana? Elo Bwalya muziba mutu wake. Akamva kuti oyilo ni wanga, azakamba kuti ndine nadwalisa mwana wake. Azaphwanya magalasi ya motoka."

"Mwana sanadwale na oyilo. Ba nesi banakamba."

"Muganiza Bwalya amvela ba nesi?"

"Ndiye mulandu wanu muusenzese ba shikulu? Kamba anyera amene wamtola, zoona. Munthu anakusungilani mabawuti tsiku lonse, osadya."

"Vizasila veka. Banthu ba mu komboni bakamba lelo, mailo bapeza nkhani inangu. Mvula ikaleka, madzi yazayela."

"Kwathu ku Katete amati mlandu suola," anatero Mainess, mawu ake atatsika. "Ine nizayembekeza kuti mukambe mweka, ndaba ni imwe mwamuna wanga, sinifuna kukuvulani pa banthu. Koma osati nthawi itali."

Sydney anadya pang'ono, natuluka.

Gasiketi ya labala anakaikira kutali, kuseri kwa malo otsukira magalimoto a mnzake ku Garden. Ulendo uno anachita zonse mofatsa. Anawongola milomo ya sampu imene inapindika ndi kumangitsa kuja, namanga mabawuti modumphitsa, ili uku lina uko, osakakamiza. Oyilo wakutha anamuthira m'chigubu n'kupatsa anyamata opaka matabwa kuti asadyedwe ndi chiswe. Kuyambira tsiku limenelo pansi pa galimoto panali pouma. Ankati akaimika pabwalo, n'kusuzumira pansi, mtima n'kukhala m'malo, ngati kuti nkhani yonse inali ya gasiketi.

Tsiku lina akupukuta magalasi anamva kutsokomola kumbuyo kwake. Anali ba Chabwera. Anali ataonda, ndipo pamwamba pa diso panali chilonda chouma.

"Yasiya kudontha?"

"Yasiya, ba shikulu."

"Zikomo. Ndiye kuti ya labala ija ndi yabwino." Mkuluyo anakhala pakreti yawo ija, nayang'ana zikhato zawo. "Mwana wanga, ine ndawauza anthuwa kuti zinali za m'galimoto. Akuti mfiti sisowa chonena. Ndati funsani a Sydney. Akuti a Sydney akadadziwa akadanena kale."

Sydney anapitiriza kupukuta galasi limene linali litayera kale.

"Sindikukukakamiza. Ndikudziwa uli ndi mwana wakhanda, ndipo a Kabaso mtima wawo ndi wapachala. Koma ine ndakalamba. Kumenyedwa sindikuopa kwenikweni. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti ndikafa ndi dzina limeneli, ndani adzanyamule bokosi langa? Akazi anga anawaika anthu a pabwalo pano. Amake Miracle ndiwo anaphika."

"Nipaseniko nthawi, ba shikulu. Nifuna nipeze mwamene ningakambile bwino."

"Chabwino. Koma madzi akatayika saoleka."

Anadzuka movutikira, nabwerera kuchipinda chawo. Sydney analowa m'galimoto, nakhala nthawi yaitali asanalize injini. Ankadziuza kuti Loweruka alankhula ndi ba Kabaso paokha. Loweruka litafika, anapeza ulendo wa ku Kafue, nachoka m'mamawa.

Lamulungu masana, anthu atangoweruka kutchalitchi, mwana wina wa bwalo loyandikana nalo anamwalira kukiliniki ndi matenda omwe aja. Banja lake silinkatunga n'komwe pachitsime cha ba Kabaso, koma palibe amene anafunsa zimenezo. Mainess ankasenda tomato pamene anamva phokoso likulowa pageti. Kutsogolo kunali Bwalya ndi chitsulo cha bedi m'manja, pambuyo pake anyamata a pamsika, amayi ovala zoyera za kutchalitchi, ndi ba profeti Silas atanyamula botolo la mafuta odzozera.

"Chokani, ba shikulu! Chokani mutilangize kwamene musungila magazi ya bana bathu!"

Chitseko cha malata sichinalimbe. Anatulutsa matiresi, mbaula, sutikesi yachitsulo ndi chithunzi cha malemu akazi awo, zonse n'kuponya m'matope. Wina anapeza kabotolo ka mankhwala opaka m'mawondo, nakakweza m'mwamba, anthu n'kukuwa, ena akujambula ndi mafoni. Ba Chabwera anawakokera panja atagwira buluku ndi dzanja limodzi, nawakhazika pansi pafupi ndi chitsime. Sanalire. Ankangoyang'ana chithunzi chija chili chafufumimba m'madzi.

Sydney anali m'nyumba, ataima kuseri kwa katani.

"Manje?" anafunsa Mainess.

"Bazanipaya."

"Bazapaya ba shikulu."

Sydney sanasunthe. Mainess anamasula Tiwo kumsana n'kumuika m'manja mwa bambo wake. Anasolola pansi pa bedi botolo la oyilo wotsala ndi gasiketi yong'ambika ija, imene Sydney anaibisa m'pepala, natenga chidebe cha madzi a kumpopi. Anadutsa pakati pa anthu akukankha ndi mapewa mpaka anafika pamene panali mkuluyo.

"Bamake Miracle, bwelani pafupi. Imwe ba Bwalya, na imwe ba profeti. Aya ni madzi ya ku pompi, mwayaona?"

Anatsegula botolo, nadonthezamo. Madontho ofiira anayandama, natambasuka, nanyezimira chimodzimodzi ndi a m'chitsime. Phokoso linatsika.

"Nunkhizani. Ndiye magazi yanu aya. Ni oyilo wa giyabokosi. Tsiku lamene munaona ba shikulu na beseni, lenze beseni langa, na oyilo wenze wa motoka ya bamuna banga. Ba shikulu banatumiwa chabe. Pambuyo pake motoka inadontha pa bwalo apa masiku yambili, ndaba ya ichi." Anakweza gasiketi yong'ambikayo. "Mvula inakokolola vonse kupeleka mu chitsime."

"Boza!" anakuwa mnyamata wina kumbuyo. "Bamudyesa mankhwala uyu mukazi."

"Si boza."

Anali Sydney. Anali atatuluka, mwana ali pachifuwa.

"Oyilo ni wanga. Ndine ninabatuma. Nenze kuyopa ba Kabaso, nenze kuyopa na imwe ba Bwalya. Ba shikulu sibanalakwe chilichonse. Ngati mufuna womenya, nili pano."

Bwalya anamuyang'ana, nayang'ana chidebe, nayang'ana chitsulo chimene chinali m'manja mwake. Anachitsitsa pang'onopang'ono. Anthu a kumbuyo anayamba kuchoka mmodzimmodzi, monga amachitira anthu mpira ukatha popanda chigoli. Koma Edna sanasunthe. Maso ake anali otupa ndi masiku ogona pabenchi yakukiliniki.

"Oyilo ni oyilo, namvela," anatero. "Nanga mwana wanga anadwala na chani? Nanga uja wamwalila lelo? Motoka zingati zidontha mu Lusaka muno, bana osafa?"

"Ni madzi ya mu vimbuzi, bamake Miracle. Ba nesi banakuuzani."

Ba profeti Silas anakonza tayi. "Mdima uli na nzelu, bana ba Mulungu," anatero modekha. "Ungasebenzese na oyilo, ungasebenzese na munthu wosaziba. Ine sininatchule dzina ya munthu. Tiyeni tipitilize kupemphela." Anatuluka pageti, amayi ovala zoyera akuwatsatira, ndipo Mainess anaona mitu ingapo ikugwedezeka movomereza.

Ba Kabaso anafika zonse zitatha, ndi ambulera m'manja. Anamvetsera mbali zonse ataima pakhonde.

"Ba Sydney, nenze ninakamba kuti pano si pa galaji. Mwezi ukasila, munipase makiyi. Chitsime ichi tizachifoselela na dothi." Kenako anatembenukira kwa mkuluyo, koma osawayang'ana m'maso. "Ba shikulu, ine nilibe mulandu na imwe. Koma mwaona mweka. Bakabwela futi usiku na petulo, nyumba zamene zizapya ni zanga. Muli na babululu?"

"Balibe mulandu, mwamva mweka!" anatero Mainess.

"Namva, mayo. Koma moto siufunsa."

Ba Chabwera anatola chithunzi chija, nachipukuta ndi malaya. "Kuli mwana wa mchemwali wanga ku Chawama," anatero. "Elina."

Sydney anatsegula buti ya galimoto popanda womuuza. Iye ndi Mainess anakweza matiresi onyowa, mbaula ndi sutikesi. Mwa anthu onse amene anakhala ndi mkuluyo zaka zonsezo, amene anabwera kudzathandiza anali Bwalya yekha. Ananyamula kreti ija, naiika pampando wakumbuyo, nabwerera kwake.

Msewu wotuluka m'Kanyama unali maenje ndi madzi okhaokha. Sydney ankayendetsa pang'onopang'ono, mkuluyo ali pambali pake, chithunzi chili pamiyendo. Anadutsa pamsika, nalowa mumsewu wa tala.

"Ba shikulu," Sydney anayamba, "nikhululukileni. Sembe ninakamba tsiku lija munabwela."

"Ukadanena."



"Sindikusungira chakukhosi," anatero mkuluyo patapita kanthawi. "Mantha ndimawadziwa. Ndagwira ulonda zaka zambiri, ndikudziwa mmene miyendo imakanira. Koma usadzinamize kuti wakonza. Ukadanena sabata yoyamba, anthu akadaseka, n'kukutukwana pang'ono, n'kutha. Unawapatsa nthawi yoti azolowere kundiopa. Munthu akazolowera kuopa chinthu, ukamulanda amakwiya."

"Nizayenda nyumba na nyumba. Nizafotokoza."

"Uyende. Ena adzamva."

Ku Chawama anapeza geti la Elina lotseka. Sydney anagogoda, ndipo patapita nthawi kunatuluka mwamuna wake wa Elina, Dingani, foni ili m'manja. Sanatsegule lonse. Kumbuyo kwake kunaima Elina, manja atagwira pakamwa, ndi ana awiri akusuzumira m'mbali mwa chitenje chake.

"Malume," anatero Elina.

"Taona pa foni," anatero Dingani. "Bana ba ku Kanyama batumiza vidiyo. Yafika na ku gulu ya ku chechi kwathu."

"Vidiyo yamene mwaona ni ya poyamba chabe," anatero Sydney mofulumira. "Sibanajambule vamene vinachitika pambuyo. Bakulu aba balibe mulandu. Vofiila vija ni oyilo wa motoka iyi mwaiona apa. Ndine ninabapempha kuti bakataye. Nili na botolo mu motoka, ninganilangizeni manje manje, munipase chabe madzi mu kapu."

Anafotokoza zonse kuyambira pachiyambi, za giya yochedwa, za gasiketi ya koko, za dzenje la zinyalala ndi mvula. Ankalankhula msangamsanga, thukuta likutsika, ndipo ali mkati molankhula anazindikira kuti adzafotokoza chonchi kwa anthu ambiri, ndipo vidiyo ija idzakhala ikumutsogolera kulikonse. Dingani anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu mwaulemu.

"Namvela, ba boss. Vichitika." Anatsegula geti. "Ngenani, malume. Muzagona mu sitolo muja, tizachosamo makala."

Elina anathamanga kukalandira sutikesi, akulira. Mwana wamng'ono, kamtsikana ka mano ogweluka, anatsetsereka kuchoka kumbuyo kwa amake, nathamangira kwa mkuluyo manja ali m'mwamba, monga ankachitira akabwera kudzacheza. Ba Chabwera anawerama kuti amunyamule. Dingani anamugwira mwanayo paphewa, mofatsa, n'kumubwezera kumbuyo.

"Elina," anatero osakweza mawu, "bana bakagone kwa baneba, bamake Hillary, lelo. Mpaka tione."

Ba Chabwera anaweramuka pang'onopang'ono. Anapukuta zikhato zawo pabuluku, ngakhale zinali zouma, natembenukira kwa Sydney.

"Pita, mwana wanga. Mkazi wako ali yekha pabwalo paja."